Ndinamwera Ufa wa Ana Anga

Abale ndi alongo, abusa andipatsa mphindi khumi, koma ndipepeseretu, zipitirira. Ndipo a komiti ya chifundo amene mwakhala kutsogolo kuno, zina zimene ndinene zikuwawani. Inenso zikundiwawa, ndiye tipirire limodzi.

Ndine Gilibati Mwale, ndimakhala kuseri kwa msika wa pa Boma pano. Ena munandidziwira pa kabaza, zaka zija ndinkakunyamulani kuchokera pa depoti kupita kudoko. Ena munandidziwira pa chithunzi chimene chinakhalitsa pakhomo la tchalitchi chino: bambo wa ndodo, atakumbatira thumba la ufa, akumwetulira. Bambo ameneyo anali wakuba. Ndipo amene ankawabera kwambiri si mpingo ayi, ndi ana ake obereka yekha.

Ndiyambe ndi bodza loyamba. Mwendo uwu sunathyoledwe ndi minibasi. Ndinauza aliyense kuti minibasi yochokera ku Dwangwa inandigunda n'kuthawa, ndipo munandipempherera, ena mpaka kutemberera dalaivala amene kulibe. Zoona zake ndinali nditamwa. Tsiku limenelo ndinanyamula matumba a mpunga a munthu wina, anandilipira bwino, ndinakhotera kwa mayi wina wotcheza kachasu, ndipo pobwerera ndinakadziponya ndekha m'ngalande, dzuwa likuswa mtengo. Njinga inapindika, mwendo unathyoka pawiri.

Akazi anga, amake Chisomo, ankadziwa zoona, koma anandisungira ulemu. Mayi ameneyu anabadwira m'banja la Chisilamu pafupi ndi mzikiti waukulu, ndipo ananditsatira kutchalitchi kuno abale ake asakufuna. Tili ndi ana atatu. Wotsiriza, Tiyamike, nthawi imeneyo anali asanayambe n'kukwawa komwe.

Ndili m'chikhakha, komiti ya chifundo inalemba dzina langa. Thumba loyamba nditalandira ndinalira, ndipo misozi imeneyo inali yeniyeni. Thumba limenelo linafika kunyumba lonse. Lachiwirinso linafika. Koma munthu wozolowera kupalasa tsiku lonse, mukamukhazika pakhonde, mutu umayamba kuyenda wokha. Ndinati ndikamwe pang'ono, ululu wa mwendo uchepe. Mayi wa kachasu uja anandiuza kuti iye salandira ndalama zokha, ufa amalandiranso. Ndinayamba ndi kabeseni kamodzi. Mwezi wotsatira theka la thumba. Kenako thumba silinkafikanso kunyumba. Sopo, mafuta ophikira, bulangete, zonse zinkathera pamenepo. Masikito amene munatipatsa kuti ana asalumidwe ndi udzudzu ndinagulitsa kwa asodzi. Ngakhale likuni phala, limene munalemba dzina la mwana wanga papaketi, ndinamwera.

Mwendo unapola, koma ndodo sindinataye. Ndinkayenda bwinobwino kuchokera kunyumba, ndikafika pa mtengo wa mango uli pageti apo, ndiye n'kuyamba kutsimphina. Ndinaphunziranso mawu amene opereka amakonda kumva. Kukabwera alendo ochokera ku Lilongwe, a Banda, wapampando wa komiti, ankaitana ine kuti ndiyankhule m'malo mwa olandira onse, chifukwa ndinkadziwa polirira ndi potamandira. Ankandiuza kuti ndikweze thumba pang'ono, ndodo ionekenso, kenako foni n'kuthwanima.

Tsopano mverani apa, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga umatentha mpaka lero. Ndinalandira kwa chaka ndi miyezi inayi. M'nthawi yonseyo palibe ndi mmodzi yemwe wa mpingo uno amene anaponda pakhomo panga. Kuchoka pano kukafika kwathu, nkhalamba yoyenda ndi ndodo yeniyeni singathe theka la ola. Munkatifoletsa pakhonde la tchalitchi, padzuwa, kuitana mayina mokweza kuti odutsa mumsewu amve, kutijambula, kuimba nyimbo, basi, chifundo chatha, aliyense kwawo. Thumba likatuluka pageti linkapita kuti? Palibe anafunsa. Akazi anga anasiya kubwera kutchalitchi chifukwa analibe chitenje chosang'ambika. Palibe anafunsa. Sindikunena izi kuti ndichepetse mlandu wanga. Wakuba ndinali ine. Koma wakuba amakonda nyumba imene eni ake sayang'ana.

Ndipo si kuti amake Chisomo anangokhala chete. Tsiku lina analimba mtima, anabwereka chitenje kwa mnzawo, anabwera n'kudikira mmodzi wa amayi a komiti kuseri kwa tchalitchi. Anafotokoza kuti ufa sukufika, anapempha kuti azilandira okha. Anayankhidwa kuti dzina lolembedwa ndi la bambo, popeza bambo ndiye mutu wa banja, ndipo kuti banja ndi kupirira, nkhani za m'nyumba sazitulutsira kunja. Ine nditamva kuti anakandinenera, ndinawamenya. Ndikunena pamaso panu, ndinawamenya, ana akuona.

Kuyambira pamenepo sanapemphenso munthu. Ankapita kukawokera mpunga wa anthu kudambo, Tiyamike ali kumbuyo. Ankatsuka nsomba za anthu kudoko. Zimene ankapeza zinkangokwanira kondowole, nsima ya chinangwa, kamodzi patsiku, ndipo mwana wamng'ono ankamwa phala la chinangwa lopanda kanthu, madzi okhaokha. Masaya a mwana atayamba kutupa, ine ndinati wanenepa. Tsitsi lake litasanduka lofiira n'kumathothoka, ndinati watengera kwa amayi ake. Munthu wa kachasu amakhala ndi yankho pa chilichonse.

M'mawa wina amake anamubereka n'kupita naye kuchipatala, ndipo anamugoneka. Ine ndinamva, koma sindinapite. Masiku anayi anadutsa. Tsiku lotsatira, cha m'ma teni koloko m'mawa, ndili kwa mayi wa kachasu, panafika alamu anga a Yusufu, achimwene awo a akazi anga, amene amakonza njinga pafupi ndi depoti. Munthu wosamwa, wosalowa malo ngati amenewo, anaima pakati pa zidakwa ndi kofiya wake kumutu. Sanandilalatire. Anangoti:

"Alamu, kwerani njingayi. Mwana wanu mwina safika mawa."

Ndinakwera. Chifukwa cha changu, ndodo ndinaisiya pomwepo.

M'wodi ya ana onyentchera simukhala phokoso, abale anga. Ndinkaganiza kuti ndikamva ana akulira, koma ana a mmenemo alibe mphamvu zolirira. Tiyamike anagona chagada, kachubu kali m'mphuno. Mapazi anali otupa, khungu likusupuka ngati lapsa ndi madzi otentha. Maso anali otsegula koma sankayang'ana chinthu. Ndinamuitana dzina, sanatembenuke. Amake anakhala pansi pambali pa bedi, atatsamira khoma, ndipo sanandiyang'ane n'komwe. Ine ndinangoima, ndikununkha kachasu, manja ndikusowa powaika.

Linali Lachinayi, tsiku limene amayi a mpingo uno amapita kukazonda odwala. Ndinamva nyimbo ikubwera m'khonde, nyimbo imene ndinkaidziwa. Ndisanaganize zothawa, analowa, atavala zoyera, atanyamula ndowa za sopo ndi shuga. A Banda analinso pomwepo, foni ili m'manja. Patsogolo panali mayi Kamanga, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo ndi iwo amene anandipatsira thumba sabata yapitayo.

Anandizindikira. Anayamba kumwetulira, kenako maso awo anatsikira ku miyendo yanga. Ndinali nditaima chilili pa miyendo yonse iwiri, popanda ndodo. Anayang'ana mwana pabedi, anayang'ananso ine. Nyimbo inazirala yokha.

"A Mwale, mwana uyu ndi wanu?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Nanga ufa uja? Nanga likuni phala lija ndinakupatsani ndi manja anga?"

Amene anayankha ndi amake Chisomo. Sanadzuke, sanakweze mawu.

"Ufa wake uti, amayi? Ndinabwera kwa inu kuseri kwa tchalitchi. Munati banja ndi kupirira. Ndapirira. Nayu mwana."

Ndi pamene ndinadziwa kuti mayi amene anawabweza tsiku lija anali mayi Kamanga omwewa. Mayi wamkulu uja anatula ndowa, anakhala pansi pa simenti ndi zoyera zakezo, moyang'anizana ndi akazi anga. A Banda anayesa kukonza zinthu, anati tiyeni tipemphere, kenako tiwapatse mayiwa kamphatso kawo, uku akukweza foni. Akazi anga anati sopoyo alandira chifukwa alibe, koma asawajambule, ndipo asajambule mwana wawo. Mayi Kamanga anatembenuka n'kuuza a Banda kuti foniyo ilowe m'thumba ndipo isatulukenso m'wodi muno.

Ine ndinatuluka. Ndinena zoona, ndinkafuna kubwerera kumene ndinachokera, ndikamwe mpaka zonse zizimiririke. Mayi Kamanga anandipeza ndisanafike pageti. Anandigwira malaya, mayi wa msinkhu wa amayi anga, akupuma movutikira.

"Mukupita kuti? Inu ndinu wakuba, ine ndine wogontha. Mwana uyu tamugoneka apa tonse awiri. Ine sindithawa, inunso simuthawa."

Ndikanatukwanidwa, ndikanapita kukamwa. Kutukwanidwa ndinakuzolowera. Koma munthu amene sanamwe ndi dontho lomwe anadziika pa mlandu umodzi ndi ine. Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi, anthu akudutsa.

Sindinachoke pachipatala masiku asanu ndi anayi. Masiku atatu oyamba thupi linkafuna kachasu ngati lindipha. Ndinkanjenjemera pansi pa mtengo, kusanza, kuona zinthu zikuyenda pakhoma. A Yusufu anatseka ntchito yawo, ankandibweretsera tiyi n'kukhala nane, n'kumangochoka nthawi yokaswali. Ndi pamene ndinamva kuti ana anga awiri aakulu anakhala akudya kwa iwo kwa miyezi yambiri. Taganizani. Munthu amene ine ndinkamunena kuti ali mumdima ndi amene ankadyetsa ana a mkhristu wa pachithunzi. Iye analibe komiti, analibe foni yojambulira. Ankangodziwa njira ya kunyumba kwanga.

Tsiku lachisanu ndi chinayi Tiyamike analira. Anamwino anamuchotsa kachubu, mwana anayamba kunyambita chiponde pa chala cha amake. Ine ndinaima pazenera chakunja, chifukwa amake anali asanandilole kuyandikira bedi.

Lamulungu lotsatira komiti inakumana, ndipo ndinaitanidwa. Ndinaulula zonse, kuyambira pa minibasi yabodza. Tsono mverani zimene zinatuluka pamenepo. Ena anati nkhani ndi yapafupi, wakuba wapezeka, afufutidwe m'kaundula, basi. A Banda nkhawa yawo inali yoti alendo a ku Lilongwe asamve. Mkulu wina, sindimutchula, anati mpingo unachita mbali yake, udindo wake unathera pakhonde pamene thumba linaperekedwa. Mawu amenewo mpaka lero ndikawakumbukira ndimamva kutentha m'chifuwa. Mwana ali m'chipatala, khungu likusupuka, ndipo ife tikukambirana pamene udindo unathera? Mundifufute ine, inde, ndinayenera. Koma mukafufuta ine, amake Chisomo adya chiyani? Iwo analakwa chiyani? Palibe amene anali atafunsa funso limenelo mpaka mayi Kamanga anaimirira. Anauza komiti zimene iwo anachita kuseri kwa tchalitchi, osadzibisa. Anati dzina la bambo lichoke, lilembedwe la mayi, ndipo ngati komiti ikana, iwo atula pansi udindo ndipo akafotokoza chifukwa chake pamaso pa mpingo wonse. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza dzina linasinthidwa, ndipo chithunzi chija ndinakachimatula ndekha.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinabwererera, inu amene muli pamene ndinali. Palibe chozizwitsa chimene chinagwa kumwamba. Ndinapemphera, inde, ndipo ndikupempherabe, koma pemphero linayenda ndi miyendo.

Choyamba, katundu wa mpingo ndinasiya kumugwira ndi manja anga. Ankabwera naye kunyumba anthu awiri, kumupereka kwa amake, kukhala pansi, kuona ana. A Yusufu anandipatsa benchi pa ntchito yawo, ndinayamba ndi kumata machubu, pano ndimawongola marimu. Anandiuza poyera kuti tsiku limene ndidzabwere ndikununkha, ndidzabwerere pomwepo. Njira ya kuseri kwa msika ndinaisiya. Ndimazungulira kutali, ndimawonjezera ulendo, chifukwa ndimadziwa kuti mwendo wanga ukadutsa pakhomo paja ukhota wokha. Anzanga akale ankandiitana, amvekere abusa atsopano akudutsa. Ndinkawapatsa moni ndili patali, osaima.

Ndinagwanso kamodzi, ndisakunamizeni. Patatha miyezi itatu, pamaliro a mnzanga wa kabaza, wina anandipatsira botolo kuseri kwa nyumba, ndinamwa. Kusiyana kwake ndi kale n'kwakuti mawa lake ndinapita ndekha kwa mayi Kamanga ndi kwa a Yusufu kukanena, asanamve kwa wina. Amake Chisomo atamva anatenga ana n'kupita kwa amayi awo, anakakhala miyezi isanu. Sindinawatsatire ndi misozi ya pakhonde ija. Ndinkangopita Loweruka lililonse ndi kanthu kochokera m'thukuta langa, kupereka, kubwerera. Anabwerera okha, nthawi imene iwo anafuna. Ndipo mpunga utacha chaka chimenecho, iwo eni anakauza komiti kuti thumba lathu lipite kwa ena.

Lero ndimayenda ndi komiti pokagawa. Sanandisankhe chifukwa cha chiyero. Anandisankha chifukwa machenjera onse ndimawadziwa. Ndikafika pakhomo sindimvera zimene bambo akunena. Ndimayang'ana pamafuwa ngati pali phulusa la lero. Ndimayang'ana tsitsi la ana. Amayi a komiti amatengera mayi wa pakhomopo pambali, bambo kulibe, n'kumufunsa, ndipo akayankha amamukhulupirira. Mwezi wathawu tinapeza nkhalamba ina yosaona, imene mwana wake wamwamuna wakhala akuilandirira thumba kwa nthawi yaitali. Titaifunsa, inadabwa kumva kuti mpingo umaitumizira kanthu. Ndiye musaganize kuti ndinali ndekha.

Ndipo komiti isaganize kuti yafika. Alipobe ena amene amati kuyenda khomo ndi khomo n'kotopetsa, tibwerere pakhonde, n'kwachangu. Inde n'kwachangu. Ine ndine umboni wa changu chimenecho. Ngati mulibe nthawi yokaona kumene thumba likupita, musadzinamize kuti mwathandiza munthu. Mwangotula katundu amene ankakulemerani pamtima. Alipobe amene dzanja limawayabwa kufuna kujambula. Dzifunseni ngati mungalole kuti akujambuleni inuyo tsiku limene mwasowa chodyetsa ana, chithunzicho n'kuchipachika pamene apongozi anu amadutsa.

Inu abambo anzanga, ndikukuonani. M'chipinda chino muli atatu amene tinkakumana kwa mayi uja, aliyense ndi thumba lake la mtundu umodzi. Sindikutchulani. Koma ndikudziwa zimene mukudziuza, kuti ndi kabeseni kamodzi kokha, ana sazindikira. Amazindikira. Mimba yawo imawerenga bwino kuposa komiti. Musadikire kuti akakupezeni m'wodi muja. Pitani lero kwa mayi Kamanga, muwauze kuti alembe dzina la akazi anu. Ngati mukuchita manyazi, ndipezeni pa benchi ya njinga pafupi ndi depoti, tidzapitira limodzi. Inunso amayi amene munauzidwa kuti pirirani, bwererani mudzanenenso. Akakubwezani, pitani kwa wina, mpaka mupeze wa makutu.

Tiyamike ali ndi zaka zinayi tsopano. Ndi wamng'ono kuposa anzake, ndipo kuyankhula kukumuvutabe. Anamwino anati mwina adzawapeza anzake, mwina ayi. Akamavutika kutchula mawu, n'kumandiyang'ana kuti ndimuthandize, ndimadziwa amene anamuchita zimenezo. Mulungu anandikhululukira, ndimakhulupirira, koma kukhululuka sikunabweze phala limene mwanayu anayenera kudya.

Amake Chisomo ali kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko. Musatembenuke, sakonda kuyang'anidwa. Dzulo ndikukonzekera zoti ndidzanene pano, ndinawafunsa ngati ndingauze mpingo kuti anandikhululukira. Anapitiriza kupeta mpunga wawo. Kenako anati:

"Mukanene kuti ndikuonabe."

Ndiye ndanena. Akuonabe.